Bair Hugger 775: makina ofunditsa odwala pa opaleshoni, ndi pomwe mphamvu zake zimathera magazi akakana kuundana

Bair Hugger 775 ndi makina ouzira mpweya wotentha m'bulangete lapadera lomwe amafunditsa wodwala asanalowe mu opaleshoni, ali mkati, komanso akatuluka. Anthu ambiri amawadziwa ngati makina oletsa wodwala kunjenjemera akamatsitsimuka. Ife tikuwayeza pa nkhani ya magazi, chifukwa thupi likazizira ndi digiri imodzi kapena awiri magazi amachedwa kuundana, bala limangochucha, ndipo madokotala amayamba kuitanitsa mapaketi a magazi omwe sakanafunika. Chigamulo chathu n'chakuti makinawa ndi abwino kwambiri poteteza wodwala kuti asazizire, koma ndi ofooka pobweza kutentha mwa munthu amene wazizira kale uku akutaya magazi. Amene akugula ayenera kudziwa kusiyana kumeneku asanalipire.

Anayambitsa makinawa ndi Scott Augustine, dokotala wogonetsa odwala wa ku Minnesota, m'chaka cha 1987. Kampani ya 3M inagula Arizant, yomwe inkawapanga, mu 2010, ndipo kuyambira 2024 ali m'manja mwa kampani ya Solventum. Mtundu wa 775 umalemera pafupifupi makilogalamu 7, ndipo umamangiriridwa pamtengo wa dripi kapena m'mbali mwa bedi. Uli ndi payipi imodzi yaikulu, fani yothamanga pa maliwiro awiri, ndi mabatani anayi osankhira kutentha: madigiri a Celsius 43, 38, 32, ndi mpweya wa m'chipinda wosatenthetsa. Kachipangizo koyeza kutentha kali kumapeto kwa payipi, osati mkati mwa makina, ndipo izi n'zoyamikika chifukwa nambala yomwe mukuona ndi ya mpweya womwe ukulowadi m'bulangete. Mpweya umadutsa mu fyuluta ya maikroni 0.2. Mabulangete alipo a kumtunda kwa thupi, a kumiyendo, a thupi lonse, oyala pansi pa wodwala, ndi a ana. Onse ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Zomwe kuzizira kumachita m'magazi

Mtsempha ukang'ambika, mapulateleti, tizidutswa ting'onoting'ono ta m'magazi tothandiza magazi kuundana, ndiwo amayamba kufika. Amamatirira pamalo ong'ambikawo mothandizidwa ndi puloteni ya von Willebrand, amatulutsa thromboxane A2 yomwe imaitana mapulateleti ena ndi kufinya mtsempha, ndipo pamapangika chotsekera choyamba, chofewa. Pamwamba pa mapulateleti omwewo ma enzaimu a m'magazi amadzutsana, ina kudzutsa inzake, mpaka kupanga thrombin. Thrombin imasandutsa puloteni ya fibrinogen kukhala ulusi wa fibrin womwe umalimbitsa chotsekeracho. Ntchito yonseyi imayenda bwino pa madigiri 37.

Kutentha kukatsika pakati pa madigiri 35 ndi 33, oyamba kufooka ndi mapulateleti. Amamatirira mwaulesi, amagwirana mochedwa, ndipo thromboxane imatuluka yochepa. Ma enzaimu amakhala akadagwirabe ntchito ndithu pamlingo umenewu, ngakhale liwiro lawo limatsika ndi pafupifupi 10 peresenti pa digiri iliyonse. Pansi pa madigiri 33 zonse ziwiri zimagwa pamodzi: thrombin imachedwa kuyamba kupangika, ndipo chotsekera chomwe chapangika sichichedwa kusweka. Kuzizira kukapitirira, mapulateleti ambiri amakodwa m'chiwindi ndi m'kapamba, n'kudzabwerera m'magazi thupi likafundanso. Dokotala wa opaleshoni amaziona ndi maso. Sipaoneka mtsempha umodzi woti amange, koma malo onse odulidwa amangonyowa, ndipo pomwe panalowa singano pamayambanso kutuluka magazi.

Apa pali msampha wa ku labotale womwe umagwira ngakhale akatswiri. Makina oyeza PT ndi aPTT, mayeso a nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane, amatenthetsa magazi oyezedwawo kufika madigiri 37 asanayambe kuwerenga. Wodwala ali pa 33.5, koma zotsatira zikunena za magazi ofunda omwe wodwalayo alibe. Rohrer ndi Natale anaonetsa mu 1992 kuti plasma (madzi a m'magazi) yomweyo, ikayezedwa yozizira, nthawi yake youndana imatalika momveka. Makina a TEG ndi ROTEM, oyeza liwiro ndi kulimba kwa kuundana kwa magazi, nawo amayezera pa 37, pokhapokha wina atawasintha kuti afanane ndi kutentha kwa wodwala. Tsono zotsatira zikabwera zabwino koma bala likuchuchabe, choyamba kuyang'ana ndi choyezera kutentha. Kuwonjezera plasma kwa munthu amene ma enzaimu ake alipo okwanira koma azizira sikuthetsa vuto, ndipo ngati plasmayo yalowa yosatenthetsa, vutolo limakula.

Kuzizira sikubwera kokha. Munthu wotaya magazi ambiri minofu yake imasowa okosijeni, imatulutsa asidi wa lactate, ndipo magazi amachuluka asidi. Asidiyo amafooketsanso ma enzaimu omwewo. Magazi oikidwa amabwera ndi citrate, mankhwala oletsa kuundana m'paketi, amene amagwira kashiamu. Chiwindi chofunda chimachotsa citrate msanga, chozizira chimachedwa, kashiamu n'kutsika, ndipo popanda kashiamu magazi saundana, mtima nawonso umafooka. N'chifukwa chake poika magazi ambiri kashiamu amayezedwa pafupipafupi ndi cholinga choti asatsike pansi pa 1.1 mmol/L. Kafukufuku wa Jurkovich ndi anzake wa 1987 anapeza kuti mwa ovulala kwambiri omwe kutentha kwawo kunatsika pansi pa madigiri 32 panalibe amene anapulumuka. Nambala imeneyi iwerengedwe mosamala, chifukwa wovulala kwambiri ndi amenenso amazizira kwambiri, koma ikuonetsa kuti kuzizira kwa wovulala si chimodzimodzi ndi kwa munthu wopanda bala. Odwala omwe amaziziritsidwa dala mpaka madigiri 33 mtima utaima n'kuyambanso sataya magazi mochuluka chifukwa cha kuzizirako, poti alibe bala lotseguka.

Kodi kufunditsa kumachepetsadi magazi otayika?

Inde, ndipo umboni wake ndi wakale. Mu 1996 Schmied ndi anzake ku Vienna anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kafukufuku wa odwala 60 osinthidwa mfundo ya m'chiuno. Omwe anatsiriza opaleshoni ali pa madigiri 35.0 anataya magazi ochuluka ndi pafupifupi theka la lita kuposa omwe anasungidwa pa 36.6. Mu 2008 Rajagopalan ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti kuzizira kosakwana n'komwe digiri imodzi kumawonjezera magazi otayika ndi 16 peresenti, ndipo mwayi woikidwa magazi umakwera ndi 22 peresenti.

Otsatsa malonda amaimira pamenepa. Koma mu 2022 kunatuluka kafukufuku wamkulu wa PROTECT, wa odwala oposa 5,000 ochitidwa maopaleshoni akuluakulu, ambiri ku China. Gulu lina linasungidwa pa madigiri 37, lina pa 35.5, ndipo panalibe kusiyana kooneka pa kuikidwa magazi, matenda a pabala, kapena kuvulala kwa mtima. Ife timamva chonchi: phindu la makinawa lili pa kuletsa wodwala kugwera pansi pa 35.5. Kulimbana kuti afike 37 ndendende sikubweza ndalama zanu. Malire a madigiri 36 omwe malangizo ambiri amatchula akadali anzeru, chifukwa amasiya mpata woti zinthu zikasokonekera mwadzidzidzi wodwala asagwere pansi nthawi yomweyo.

Kagwiritsidwe ntchito komwe kumabweretsa phindu

Cholakwika chofala n'kuyatsa makina mochedwa. Munthu ali maso, mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo imakhala yofinyika pang'ono, ndipo mkati mwa thupi mumafunda kuposa kunja ndi madigiri angapo. Mankhwala ogonetsa amatsegula mitsemphayo, magazi ofunda amathamangira m'manja ndi m'miyendo yozizira, n'kubwerera atazizira. Mu ola loyamba kutentha kwa mkati kumatsika ndi digiri imodzi mpaka imodzi ndi theka, ngakhale wodwala asanatayire kutentha kwambiri kumpweya. Jakisoni wa pamsana amachitanso zomwezo, ndipo choopsa chake n'chakuti wodwala samva kuzizira, choncho sadandaula. Bulangete loyatsidwa opaleshoni itayamba kale silingaletse kutsika kumeneku. Limangoyamba kubweza pang'onopang'ono, ndipo pa opaleshoni ya ola limodzi nthawi imatha lisanabweze kanthu.

Njira yake ndi kufunditsa wodwala kwa mphindi 30 asanagonetsedwe, kuti manja ndi miyendo zikhale zofunda kale. Apa m'pamene Bair Hugger imaposa mabulangete wamba kutali. Bulangete limodzi la thonje limachepetsa kutentha kotayika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kusanjikiza ena awiri pamwamba kumangowonjezera pang'ono. Mpweya wa madigiri 43 umachita zoposa kutchinga, umalowetsa kutentha m'thupi.

Malangizo a NICE, bungwe lolangiza za umoyo ku Britain, omwe anatuluka mu 2008 n'kukonzedwanso mu 2016, ndi osavuta kutsatira ndi makinawa. Wodwala asagonetsedwe ali pansi pa madigiri 36, kupatula pa opaleshoni yachangu yopulumutsa moyo. Chipinda chikhale pa madigiri 21 kapena kuposa pamene wodwala ali wosafunda. Makina ayambire pa kutentha kwapamwamba, kenako atsitsidwe malinga ndi momwe wodwala alili, cholinga chikhale 36.5. Kutentha kuyezedwe mphindi 30 zilizonse mu opaleshoni, ndi mphindi 15 zilizonse m'chipinda chotsitsimukira. Madzi otsukira m'mimba kapena pabala akhale pakati pa madigiri 38 ndi 40.

Poika bulangete, mbali ya timabowo iyang'ane kwa wodwala ndipo ikhudze khungu lenileni. Likaikidwa pamwamba pa gauni ndi nsalu ziwiri, mukutenthetsa nsalu. Payipi ilowe mpaka pa mzere wake ndipo ithandizidwe kuti kulemera kwake kusang'ambe polowera. Pamwamba mutha kuyala nsalu imodzi yopepuka kuti bulangete lisauluke, koma chilichonse cholemera chimatseka tinjira ta mpweya, mbali ina n'kukhala yosafufuma. Makinawo asakhale pa matiresi, pa mulu wa nsalu kapena pansi ponyowa, chifukwa polowera mpweya pamatsekeka.

Makinawa sayeza kutentha kwa wodwala. Nambala 43 yomwe ili pa sikirini ndi ya mpweya. Pamafunika choyezera china cholowa mkati: kumunsi kwa kummero, kuseri kwa mphuno, kapena m'chikhodzodzo, ngakhale cha m'chikhodzodzo chimachedwa kutsatira kusintha ngati mkodzo ukutuluka wochepa, monga zimakhalira mwa wotaya magazi. Choyezera cha pachipumi kapena m'khwapa pafupi ndi bulangete lotentha chimakuuzani za khungu lomwe mwangolitenthetsa kumene.

Pomwe amalephera

Lita imodzi ya madzi a dripi ongokhala m'chipinda, kapena paketi imodzi ya magazi yochokera mufiriji, komwe amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 6, imatsitsa kutentha kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi 0.25. Mapaketi asanu ndi atatu olowa mothamanga ndi madigiri awiri, ndipo kuzizirako kumafika pamtima mwachindunji. Palibe bulangete lomwe lingathamange liwiro limenelo. Pamafunika chotenthetsera madzi ndi magazi cha panjira ya dripi, monga Ranger kapena Hotline pa liwiro wamba, ndi Belmont kapena Level 1 poika magazi ambiri mwachangu. NICE imati madzi oyambira 500 ml kupita m'tsogolo, ndi magazi onse, atenthetsedwe kufika 37. Ena pofuna kupulumutsa nthawi amaika paketi ya magazi pakamwa pa payipi ya Bair Hugger, kapena m'beseni la madzi otentha. Musatero. Paketi imatentha mbali imodzi, palibe amene akudziwa kuti yafika pati, ndipo kupitirira madigiri 42 maselo ofiira ali pa chiopsezo chosweka.

Vuto lachiwiri ndi khungu lenilenilo. Munthu amene wataya magazi ambiri thupi lake limatseka mitsempha ya pakhungu kuti magazi otsalawo apite ku ubongo ndi mtima. Makinawa amadalira magazi a pakhungu kuti anyamule kutentha kupita nako mkati. Mitsempha ikatsekeka, kutentha kumangokhala pamwamba, mkati mukuzizirabe, ndipo khungu limatha kupsa msanga. Ndiye kuti wodwala amene akufunikira kwambiri kutentha ndi yemwe makinawa amamuthandiza pang'ono.

Lachitatu ndi malo. Wovulala amene atsegulidwa mimba, mwina ndi chifuwa, ndipo miyendo yakonzedwa kuti afikire mitsempha ya m'ntchafu, watsala ndi mutu ndi mikono basi. Bulangete loyala pansi limathandiza pano, ndipo ndilo tingalangize chipinda cholandirira ovulala kukhala nalo loyala kale wodwala asanafike, chifukwa kumunyamulanso kuti muyale kumavuta. Lili ndi timabowo totulutsira madzi, koma magazi ndi madzi otsukira zikadikha pansi pa msana zimaziziritsa kuposa momwe mpweya ukutenthetsera. Zovala zonyowa zidulidwe msanga, khungu lipukutidwe, ndipo chipinda chitenthetsedwe ngakhale ogwira ntchito atuluke thukuta. Kutentha kukamatsikabe, chisankho chimachoka m'manja mwa makina n'kupita kwa dokotala wa opaleshoni: kumanga mitsempha ikuluikulu, kutsendera nsalu m'mimba, kutseka mongoyembekezera, n'kutumiza wodwala kuchipinda cha odwala mwakayakaya kuti akafunde, asidi ndi kashiamu zikonzedwe, opaleshoni idzamalizidwe patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Makinawa alibe batire. Mu ambulansi, mu khonde popita ku sikani, ngakhale magetsi akathima, sathandiza. Panjira pamafunika mabulangete odzitenthetsa okha ndi mankhwala a mkati mwake, okutidwa ndi foyilo, ndipo pansi pa wodwala pakhale choyala chifukwa machira ozizira amaba kutentha kwambiri.

Chinanso choyenera kukonzekera: wodwala akayamba kufunda mitsempha ya pakhungu imatseguka, ndipo ngati magazi m'thupi ndi ochepa BP imagwa. Amene akutenthetsa akhale ndi magazi kapena madzi ofunda pafupi.

Kupsa

Kupsa koopsa kochokera ku makina a mtundu uwu nthawi zambiri kumabwera chifukwa cholowetsa payipi yokha pansi pa nsalu popanda bulangete lake. Anthu amachita zimenezi mabulangete akatha kapena pofuna kusunga ndalama. Bulangete limagawa mpweya pa malo aakulu, pomwe payipi yokha imauzira malo amodzi kwa maola, pa munthu wogona amene sangasunthe mwendo. Zilonda zake zimatha kufuna kumezetsa khungu. Opanga makinawa amaletsa mchitidwewu momveka bwino, ndipo chipatala chomwe sichingakwanitse kugula mabulangete nthawi zonse chisagule makinawa n'komwe.

Musatenthetse mwendo womwe magazi sakufikako, kaya chifukwa cha matenda a mitsempha kapena chifukwa aorta, mtsempha waukulu wochokera kumtima, yapanidwa pa opaleshoni. Mpweya wotentha usadutse pa mankhwala omata pakhungu monga fentanyl wopha ululu, chifukwa kutentha kumawalowetsa m'magazi mofulumira ndipo wodwala akhoza kusiya kupuma. Payipi isagone pakhungu. Kwa ana, okalamba ndi onse osatha kulankhula kapena kumva kupweteka, khungu ndi kutentha ziyang'anidwe mphindi 10 mpaka 20 zilizonse. Alamu ya kutentha kopitirira ikalira, makinawo achotsedwe ndipo akaonedwe ndi amisiri, osati kungozimitsa n'kuyatsanso. Bulangete logwiritsidwapo kale limakhala ndi timing'alu tosaoneka tomwe timatulutsa mpweya malo amodzi, kuwonjezera pa kunyamula majeremusi a wodwala woyamba.

Nkhani ya majeremusi inafika m'makhoti ku United States, komwe anthu masauzande anasumira 3M ponena kuti mpweya wa makinawa unakweza fumbi n'kuligwetsera m'mabala a opaleshoni yosintha bondo ndi chiuno. Mu Ogasiti 2017 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala m'dzikolo, linalembera achipatala kuti silinapeze umboni wokhazikika wolumikiza makina otere ndi matenda a pabala, ndipo linapitiriza kulimbikitsa kufunditsa odwala. Chochititsa chidwi n'chakuti Augustine mwiniwake ndi amene anadzakhala wotsutsa wamkulu wa makina omwe anayambitsa, atayamba kugulitsa mtundu wina wotenthetsa ndi magetsi wotchedwa HotDog. Ife tikuona kuti chiopsezo cha kuzizira n'chotsimikizika kuposa chiopsezo cha mpweya, makamaka popeza kafukufuku wa Kurz wa 1996 anapeza matenda a pabala mwa 19 peresenti ya odwala ozizira poyerekeza ndi 6 peresenti ya ofunditsidwa pa opaleshoni ya matumbo. Komabe kusamala n'kotsika mtengo: matani bwino tepi ya bulangete kumbali ya bala, imitsani makina pamene khungu likutsukidwa ndi nsalu za opaleshoni zikuyalidwa, pukutani payipi mukamaliza wodwala aliyense, ndipo sinthani fyuluta pakatha miyezi 12 kapena maola 500. Makinawa amawerenga okha maola omwe agwira ntchito, choncho palibe chonamizira.

Zodandaula zing'onozing'ono zilipo. Fani ikakhala pa liwiro lalikulu imachita phokoso lotopetsa pa opaleshoni yaitali. Dokotala woima pafupi amamva kutentha, ndipo nthawi zambiri ndi iye amapempha kuti makina azimitsidwe pa nthawi yomwe wodwala akuwafuna kwambiri. Zinyalala za mabulangete zimachuluka.

Ndani agule

Mtengo weniweni wa Bair Hugger suli pa makina koma pa mabulangete, limodzi kwa wodwala aliyense, chaka ndi chaka. Werengani maopaleshoni opitirira mphindi 30 omwe mumachita pa mwezi, onjezani odwala a m'chipinda chotsitsimukira, ndiye muone ngati bajeti ipirira. Ngati siipirira, matiresi otenthetsa ndi magetsi ogwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza ndi njira yabwino, ngakhale amatenthetsa malo okhawo omwe akhudza thupi ndipo amafuna kusamala pamalo omwe thupi latsamira.

Kwa chipatala chomwe ntchito yake yambiri ndi maopaleshoni okonzekera, monga a chiuno, msana, matumbo ndi chiberekero, 775 ndi chisankho chabwino, bola pakhale malo ndi munthu woyambitsa kufunditsa mphindi 30 wodwala asanagonetsedwe. Makina amodzi pa chipinda chilichonse cha opaleshoni ndi ena m'chipinda chodikirira. Kwa malo olandira ovulala pa ngozi ndi amayi otaya magazi atabereka, dongosolo logulira lisinthe. Choyamba chotenthetsera magazi chokwanitsa liwiro lomwe mumaikira magazi, chachiwiri zoyezera kutentha za kummero kapena m'chikhodzodzo, ndipo Bair Hugger ibwere yachitatu, ndi mabulangete oyala pansi ochuluka kuposa a pamwamba.